Mapiritsi 'oletsa ukalamba': zoona zake za ma free radical n'ziti?

Pa 3 Sepitembala 2025, mtsogoleri wa dziko la China, Xi Jinping, ndi mnzake wa ku Russia, Vladimir Putin, ankayenda limodzi kupita kukaonerera perete wa asilikali mumzinda wa Beijing. Chinkuzamawu cha atolankhani chidatola zomwe ankakambirana, ndipo dziko lonse lidamva. Nkhani yawo inali ya kutalikitsa moyo. A Putin ankanena za madokotala omwe angamasinthe ziwalo za munthu zikatopa, pomwe a Xi adati alipo ena akulosera kuti m'zaka 100 zino munthu angathe kufika zaka 150. Onse awiri anali ndi zaka 72. Mpaka lero munthu yemwe zaka zake zidatsimikizika kuti adakhalitsa kuposa wina aliyense ndi mayi wa ku France, Jeanne Calment, amene adamwalira mu 1997 ali ndi zaka 122.

Nkhawa ya akuluakuluwa ndi yomwe imakufikani inunso pafoni. Mwina mwaonapo kale pagulu la WhatsApp kapena pa Facebook chithunzi cha botolo la makapisozi, ufa wobiriwira kapena tiyi, pansi pake atalemba kuti "amachotsa ma free radical m'thupi", "ali ndi ma antioxidant ochuluka", "makwinya ndi imvi zibwerera m'mbuyo". Ngati ndinu volontiya wa zaumoyo, n'kutheka kuti wina adakuimitsani panjira n'kukufunsani kuti, "Kodi a zaumoyo, ndiwagulire amayi zimenezi?" Funsoli n'lolemera, chifukwa ndalama yomwe yapita kubotolo ndiyo ikadagula ndiwo kapena kulipira galimoto yopitira kuchipatala. Choopsa kwambiri n'chakuti agogo ena akayamba kumwa zotere amasiya mankhwala a BP kapena a shuga poganiza kuti apeza chochiza gwero la matenda onse.

Ogulitsawa sadangopeka mawuwa. Adawatenga kwa asayansi, ndipo kwa zaka pafupifupi 40 asayansi ambiri ankakhulupiriradi zimenezi. Vuto n'lakuti sayansi idapitirira ulendo, malonda n'kutsalira pomwe idachoka.

Tiyambe ndi chinthucho. Chilichonse, kuphatikizapo thupi lanu, chidapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu, ndipo maatomu amagwirana pogwiritsa ntchito tinthu tina tochepetsetsa totchedwa maelekitironi. Maelekitironi amakhazikika akakhala awiriawiri. Free radical ndi kanthu komwe kali ndi elekitironi imodzi yopanda inzake. Kotero sikakhala phee: kamalanda elekitironi kwa chilichonse chomwe chili pafupi, kaya ndi mafuta a pakhungu la selo, puloteni kapena DNA. Cholandidwacho nacho chimalanda kwa china, zinthu n'kumapatsirana choncho. Mudaonapo zofanana nazo ndi maso: dzimbiri pakhasu lomwe lagona pamvula, peyala lodula lomwe lada pofika madzulo, mafuta ophikira omwe akhalitsa n'kuyamba kafungo. Ponseponse apa mpweya wa okosijeni ukulanda maelekitironi.

Ma free radical ambiri thupi limapanga lokha. M'maselo anu muli tizigawo totchedwa mitochondria, tomwe tili ngati mbaula: timawotcha chakudya pogwiritsa ntchito okosijeni yemwe mwapuma kuti mupeze mphamvu. Mbaula ya makala siyaka osathetheka, ndipo timoto tothethekato ndito ma free radical. Ena amachokera kunja, muutsi wa fodya, utsi wa nkhuni, mowa, dzuwa loswa mtengo ndi mankhwala ena ophera tizilombo m'munda.

Yemwe adagwirizanitsa zimenezi ndi ukalamba ndi Denham Harman wa ku America. Asanaphunzire udokotala adagwirapo ntchito ya ukatswiri wa makemikolo kukampani ya mafuta ya Shell, komwe adawadziwira ma free radical. Mu 1956 adalemba kuti mwina timakalamba chifukwa tinthuti timawononga maselo pang'onopang'ono moyo wonse. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, katswiri wa ku Argentina, Rebeca Gerschman, anali atasonyeza kale kuti okosijeni wochuluka amawononga thupi mofanana ndi cheza cha X-ray. Poyamba anthu sadamumvere kwenikweni Harman. Zinthu zidasintha mu 1969, pomwe Joe McCord ndi Irwin Fridovich a payunivesite ya Duke adapeza kuti thupi lili ndi puloteni yotchedwa superoxide dismutase, yomwe ntchito yake n'kuzimitsa mtundu umodzi wa ma free radical. Maganizo adali akuti thupi silingavutike kupanga chozimitsira moto ngati motowo suli woopsa.

Kuchoka apa njira inkaoneka yowongoka. Ngati ma free radical amakalambitsa, ndiye zozimitsa zake, zomwe ndi ma antioxidant monga vitamini C, vitamini E ndi beta-carotene, ziyenera kutalikitsa moyo. Panalinso umboni wina: kafukufuku wambiri ankasonyeza kuti anthu odya zipatso ndi masamba kwambiri sadwaladwala khansa ndi matenda a mtima. Chotsala chinali kuika mphamvu ya masambayo mupiritsi n'kuyesa pa anthu ochuluka.

Adayesadi, ndipo zotsatira zake zidadzidzimutsa ngakhale ofufuzawo. Ku Finland adatenga amuna osuta fodya 29,133 azaka 50 mpaka 69. Ena adawapatsa beta-carotene, ena vitamini E, ena zonse ziwiri, ena piritsi lopanda mankhwala. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansa ya m'mapapo inali yochuluka ndi 18 peresenti mwa omwe ankamwa beta-carotene. Ku America kafukufuku wotchedwa CARET, wa anthu oposa 18,000 osuta fodya, omwe adasiya kusuta ndi omwe adagwirapo ntchito mufumbi la asibesito, adaimitsidwa mu 1996 nthawi yake isanakwane. Omwe ankamwa beta-carotene pamodzi ndi vitamini A ankadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo ndi 28 peresenti, ndipo imfa pakati pawo zinali zochuluka ndi 17 peresenti. Kenako padabwera SELECT, kafukufuku wa amuna oposa 35,000, yemwe cholinga chake chinali kuona ngati vitamini E ndi selenium zingateteze ku khansa ya prostate. Mu 2011 adalengeza kuti khansayi idachuluka ndi 17 peresenti mwa omwe ankamwa vitamini E yekha.

Mu 2012 bungwe la Cochrane, lomwe ntchito yake n'kusonkhanitsa ndi kusefa kafukufuku wa zaumoyo, lidaunika zoyesa 78 zokhudza anthu pafupifupi 300,000. Silidapeze umboni woti mapiritsi a ma antioxidant amatalikitsa moyo, ndipo lidati beta-carotene ndi vitamini E zikuoneka kuti zimawonjezera imfa pang'ono. Mu 2022 gulu la akatswiri lolangiza za kapewedwe ka matenda ku America lidalangiza anthu kuti asamwe ziwirizi pofuna kupewa khansa kapena matenda a mtima. Ndipo mu Juni 2024 ofufuza a ku National Cancer Institute adatulutsa zomwe adapeza atatsatira anthu athanzi pafupifupi 390,000 kwa zaka zoposa 20: omwe ankamwa mavitamini ophatikiza tsiku ndi tsiku sadakhalitse kuposa omwe sankamwa.

Mudzakumana ndi wogulitsa wodziwa mbiri yemwe adzakuuzeni kuti Harman mwini wake ankamwa vitamini C ndi E ndipo adamwalira mu 2014 ali ndi zaka 98. N'zoona. Koma bamboyu sankasuta fodya, ankathamanga tsiku ndi tsiku mpaka atadutsa zaka 80, ndipo munthu mmodzi si umboni. Mudzi uliwonse uli ndi gogo wake yemwe adafika zaka 90 akufwenkha fodya wamphuno. Harman yemweyo adaona kuti mbewa zomwe ankazipatsa ma antioxidant zina zinkapulumuka ku imfa zamsanga, koma malire a zaka za mbewa sankasuntha. N'chifukwa chake mu 1972 adakonza ganizo lake n'kunena kuti nkhani yeniyeni ili mkati mwa mitochondria, momwe ma antioxidant akumwa safikamo mosavuta.

Nyama zidasokonezanso nkhaniyi kuposa anthu. Ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia kuli kanyama kokhala pansi panthaka ngati mfuko, koma kopanda ubweya, komwe pa Chingerezi amakatcha naked mole rat. N'kofanana msinkhu ndi mbewa. Mbewa ya mu labotale ikafika zaka zitatu ndi nkhalamba yotheratu, koma kanyamaka kamadutsa zaka 30. Potsatira ganizo la Harman, thupi lake liyenera kukhala lopanda "dzimbiri". Gulu la Rochelle Buffenstein litayeza mu 2006, lidapeza zosiyana: maselo a kanyamaka anali owonongeka ndi okosijeni kuposa a mbewa, ngakhale kali kakang'ono. Kamakhala nako kuwonongekako n'kumapitirira ndi moyo.

Ku San Antonio, m'chigawo cha Texas, gulu la Arlan Richardson lidatha zaka zambiri likusintha tizigawo ta DNA ta mbewa kuti zizipanga zozimitsa ma free radical zochuluka kapena zochepa. Mu 2009 lidafotokoza kuti mwa masinthidwe 18 omwe lidayesa, amodzi okha ndiwo adakhudza kutalika kwa moyo. Kuwonjezera zozimitsa sikudapatse mbewa masiku. Ku Canada, Siegfried Hekimi wa payunivesite ya McGill adapeza zodabwitsa kuposa apa mutinyongolotsi tating'ono totchedwa C. elegans: atatiwonjezera ma free radical pang'ono, tidakhala moyo wautali, ndipo atatipatsa ma antioxidant phindulo lidatha. Kunena chilungamo, si zoyesa zonse zidatsutsa Harman. Mu 2005 ofufuza a ku University of Washington adaika chozimitsa china mkati mwenimweni mwa mitochondria za mbewa, ndipo mbewazo zidawonjezera miyezi pafupifupi isanu. Koma kumeneko kunali kusintha chibadwa cha nyama, osati kumwa kapisozi.

Kodi chidalakwika n'chiyani? Asayansi oyambawo ankaona ma free radical ngati akuba okhaokha. Pano tikudziwa kuti thupi limawalemba ntchito. Mwana wanu akacheka chala, maselo oyera a m'magazi amameza mabakiteriya n'kuwathira ma free radical dala, mpaka kupanga mankhwala ofanana ndi klorini yemwe timathira m'madzi akumwa nthawi ya kolera. Alipo ana ochepa omwe amabadwa maselo awo oyera asakutha kuchita zimenezi, ndipo amavutika ndi zithupsa ndi chibayo chosatherapo. Mpweya wa nitric oxide, womwe umauza mitsempha ya magazi kuti itakasuke, nawonso ndi free radical. Omwe adatulukira ntchito yake, Robert Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad, adalandira mphoto ya Nobel mu 1998.

Chitsanzo china chili m'kabati ya chipatala chilichonse m'dziko muno. Mankhwala a malungo a LA, omwe Malawi idayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, ali ndi artemether, wochokera ku artemisinin yemwe adatulukiridwa ndi gulu la mayi Tu Youyou wa ku China. Kachilombo ka malungo kakalowa m'selo lofiira la magazi kamadya zam'katimo n'kumasula ayironi. Ayironiyo akakhudzana ndi mankhwalawa pamabuka ma free radical omwe amakawononga kachilomboko. Makina owotcha khansa nawonso amapha maselo a khansa m'njira yofananayo, n'chifukwa chake wodwala khansa asamwe mavitamini amphamvu asanauze dokotala wake.

Chomwe chimandichititsa chidwi kuposa zonse ndi nkhani ya masewera olimbitsa thupi. Mukalima, mukapalasa njinga kapena kukwera chitunda ndi ndowa pamutu, mbaula za m'maselo zimayaka kwambiri ndipo ma free radical amachuluka. Tikadatsatira ganizo lakale, ntchito ikadakhala yofupikitsa moyo, pomwe tikudziwa kuti kugwiritsa ntchito thupi kumateteza mtima ndi kupewetsa shuga. Mu 2009 Michael Ristow wa ku Jena m'dziko la Germany adachititsa anyamata pafupifupi 40 masewera kwa masabata anayi. Theka adawapatsa vitamini C ndi E wambiri tsiku lililonse. Omwe sankamwa mavitamini, thupi lawo lidayamba kugwiritsa ntchito shuga bwino ndi kupanga zozimitsa zakezake zochuluka. Omwe ankamwa sadapeze phinduli. Zikuoneka kuti ma free radical ochepa ndi uthenga wouza selo kuti lidzilimbitse, monga mmene dzanja logwira khasu limachitira zikang'a. Mukazimitsa uthengawo, selo silidziwa kuti likufunika kulimba. Kafukufukuyu anali wochepa, koma akugwirizana ndi zomwe zidaoneka mutinyongolotsi tija.

Musatengepo kuti ma free radical ndi abwino basi. Akachuluka mopitirira zomwe thupi lingazimitse amawononga ndithu, ndipo amatengapo mbali pa matenda a mtima, a m'mapapo, ng'ala ndi ena. Pali anthu, ambirinso kumadera a malungo monga kwathu kuno, omwe amabadwa ndi puloteni yotchedwa G6PD yochepa. Maselo awo ofiira sapirira ma free radical, moti mankhwala ena monga primaquine, ngakhale timibulu tonunkhira toika m'zovala kuthamangitsa njenjete, tingaswe maselowo munthu n'kuchita chikasu ndi kukodza mkodzo wakuda. Ukalamba nawo uli ndi mbali yake ya "dzimbiri". Kungoti asayansi saliyesanso gwero lokhalo. Mu 2013 gulu lotsogoleredwa ndi Carlos López-Otín lidandandalika zizindikiro 9 za ukalamba m'maselo, ndipo mu 2023 lidaziwonjezera kufika 12. Kufooka kwa mitochondria ndi chimodzi chabe pakati pa zina monga kufupika kwa nsonga za DNA, kuchuluka kwa maselo otopa omwe safa, ndi kutupa kwa mkati kosatha.

Nanga bwanji masamba ndi zipatso zimathandiza pomwe piritsi likulephera? Mbale ya bonongwe kapena nkhwani wotendera ili ndi zinthu mazanamazana zogwirira ntchito limodzi pamlingo wochepa, kuphatikizapo zokhakhala zothandiza matumbo ndi potaziyamu wothandiza kutsitsa BP. Piritsi limatenga chinthu chimodzi n'kuchichulukitsa kwambiri. Komanso munthu wodya masamba ambiri nthawi zambiri amakhala yemwenso sasuta ndipo samwa mowa kwambiri, choncho ofufuza oyamba aja adapatsa beta-carotene ulemu womwe sunali wake yekha. Bungwe la WHO limalimbikitsa magalamu 400 a zipatso ndi masamba patsiku, ndipo mango, magwafa, papaya, masuku, malambe ndi chisoso zimakwanira bwinobwino. Chammwamba ndi ndiwo yabwino. Ufa wake ukaikidwa mukapisozi n'kukwezedwa mtengo sukhala mankhwala a ukalamba. Mukaona botolo likudzitama ndi nambala ya "mphamvu ya antioxidant" yotchedwa ORAC, dziwani kuti unduna wa zaulimi ku America udachotsa mndandanda wa manambalawa mu 2012, ponena kuti zoyezedwa mubotolo la mu labotale sizisonyeza zomwe zimachitika m'thupi la munthu ndipo amalonda ankawagwiritsa ntchito molakwika.

Apa mavolontiya musamale kwambiri, chifukwa uthengawu ukapotoka ungapweteke ana. Zonse takambazi zikukhudza anthu odya mokwanira omwe akumwa mavitamini ochuluka pofuna kuthawa ukalamba. Sizikukhudza vitamini A yemwe ana a miyezi 6 mpaka 59 amalandira kusikelo, yemwe amateteza maso ndi kuchepetsa imfa za ana kumadera komwe vitaminiyu amasowa m'zakudya. Sizikukhudza mapiritsi a ayironi ndi folic acid a amayi oyembekezera, zinki wa mwana wotsegula m'mimba, kapena shuga ndi mafuta ophikira owonjezeredwa vitamini A. Kumeneko tikubwezeretsa chomwe chikusowa. Palinso nthenda imodzi ya maso ya okalamba, yowononga pakati pa diso, yomwe kafukufuku wa AREDS mu 2001 adasonyeza kuti msakanizo wa ma antioxidant ndi zinki umachedwetsa mwa ena, koma amenewo amalemba ndi dokotala wa maso atayeza. Mayi woyembekezera asamwe makapisozi a vitamini A ogula yekha, chifukwa wochuluka angalumalitse mwana m'mimba. Ndipo vitamini E wambiri angachititse magazi kusaundana mwa omwe akumwa kale mankhwala osungunula magazi.

Anzathu a ku South Africa adaona kumene malonda otere amathera. Dokotala wa ku Germany, Matthias Rath, ankagawa mavitamini ake ku Khayelitsha mumzinda wa Cape Town akunyoza ma ARV kuti ndi poizoni. Mu 2008 khoti lalikulu la ku Cape Town lidamuletsa kuchita zoyesa zake zosaloledwa ndi kulengeza kuti mavitaminiwo amachiza Edzi. Kwathu kuno zaka zomwe munthu amayembekezeka kukhala ndi moyo zinali pansi pa 50 cha m'ma 2000, ndipo pano zidadutsa 60. Zaka zowonjezerekazi zidabwera ndi ma ARV aulere omwe adayamba mu 2004, katemera, masikito, mankhwala a malungo ndi kuchilira kuchipatala.

Ngati wokufunsani akuumirirabe kuti akufuna kuchepetsa ma free radical m'thupi mwa amayi ake, yambani ndi komwe akulowera ambiri. Woyamba ndi fodya: kafukufuku wa madokotala a ku Britain, yemwe adawatsatira kwa zaka 50, adapeza kuti wosuta moyo wonse amataya zaka pafupifupi 10. Wachiwiri ndi utsi wa m'khitchini, womwe WHO imati umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo amayi ndi ana obereka kumbuyo ndiwo amaupuma kwambiri. Nkhuni zouma, khitchini ya zenera, kuphikira panja kukakhala kulibe mvula, kapena chitetezo mbaula, zonsezi zimachepetsa utsiwo. Kenako mufunseni kuti amayiwo adayezetsa liti BP. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 adapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse azaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Botolo lija akagula kale, auzeni apite nalo kuchipatala tsiku lokatenga mankhwala kuti adokotala awerenge zomwe zalembedwapo, aone ngati lili lovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, komanso ngati silikuwombana ndi mapiritsi omwe amayiwo akumwa kale.